Kaoneni Kaye Mmene Mtengo Umafera

Adzukulu anga, ndamva kuti ena mwa inu mwatengeka ndi masewera amene mukuwaona pa foni, a anthu akuluakulu, ndevu pepeya, ataweramira tebulo, akusuntha tiasilikali tosaposa chala chachikulu, kuyeza mtunda ndi tepi n'kuponya madayisi kuti adziwe ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya. Ndamvanso kuti chakukopani kwambiri si tiasilikalito, poti n'todula ndipo sitipezeka wamba kuno kwathu, koma dziko limene timaimamo: timapiri, timitsinje, mabwinja ndi mitengo youma. Mukufuna kupanga zanuzanu. Anzanga ena a msinkhu wangawu akuti n'zachibwana. Ine sinditero. Mwana amene adapindapo waya n'kutulutsa galimoto ya chiwongolero, kapena kuumba ng'ombe yadothi ya linunda lake, manja a ntchitoyi ali nawo kale. Chimene ndikufuna kukuwonjezerani ndi maso.

Masewerawa si a dzulo. Ku Prussia, dziko limene pambuyo pake lidatsogolera kugwirizana kwa Germany, mkulu wina dzina lake von Reisswitz adakonza tebulo lophunzirirapo nkhondo n'kulipereka kwa mfumu mu 1812, ndipo mu 1824 mwana wake adakonzanso malamulowo kuti akuluakulu a asilikali aziyeserera pa mapu. Kwa iwo idali sukulu, osati kocheza. Mmodzi mwa amene adazitengera kwa anthu wamba ndi mlembi wa ku England, H. G. Wells, kudzera m'buku lake la Little Wars la mu 1913. Iyeyu ankasewera pansi penipeni, ndipo mitengo yake idali tinthambi tothyola panja, tozika m'timabowo toboola pa matabwa. Zambiri zimene mukuonazo ndi za kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, imene idatulutsa Warhammer mu 1983 ndi Warhammer 40,000 mu 1987. Iwowa amagulitsa ndi mitengo yomwe, yapulasitiki, yam'bokosi. Za Wells ndazitchula dala. Kanthambi kotola ndiko kadayamba, pulasitiki n'kubwera m'mbuyo, choncho musadzione operewera chifukwa mulibe ndalama ya bokosi.

Mtengo pa tebulo lotere si wokongoletsa chabe. Malamulo ambiri amati msilikali amene wabisala kuseri kwa thunthu n'ngovuta kumulasa, ndipo gulu likalowa m'nkhalango limayenda pang'onopang'ono. Tebulo lozolowereka ndi la mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Wosewera amawerama mpaka diso lifanane ndi mutu wa kachidole kake kuti aone ngati mdani akuoneka. Apa mtengo wouma umaposa wamasamba, chifukwa dzanja limalowa bwino pakati pa nthambi, zidole sizisowa, ndipo palibe masamba oti aziyoyoka tsiku ndi tsiku. Koma musauyese wophweka. Wamasamba umakubisirani zolakwa zanu m'masambamo, pamene wouma uli pambalambanda, mphanda iliyonse yabodza imaonekera patali.

Mitengo youma imene azungu amakonda kupanga ili ndi kwawo. Yambiri amatengera zithunzi za nkhondo ya ku Ulaya, ku Somme mu 1916 ndi ku Passchendaele mu 1917, kumene mizinga idang'amba nkhalango zathunthu mpaka kutsala zitsa zosongoka m'matope. Ina amaitenga m'nthano zawo za mizukwa. Mukangokopera zimenezo mudzapanga dziko la eni. Kuno ku Chitipa mtengo sufa imfa imeneyo, ndipo ukafa umasiya umboni wa chimene chidaupha. Musanakhudze waya kapena guluu, tengani pensulo ndi kope lakale mukayende.

Yambirani kumene anthu atema visoso kuti afese mawere. Nthambi zidasadzidwa, kuunjikidwa n'kutenthedwa, ndipo chotsala ndi chitsa chofika m'chiuno kapena pachifuwa pa munthu. Yang'anani pamwamba pake. Nkhwangwa sidula mosalala. Imasiya mabala opendekeka ochokera mbali ziwiri, ndipo pakati pamatsala kamtima kong'ambika pamene mtengo udathyokera pakugwa. Kutsidya kwa malire, Abemba a ku Zambia pa chitemene chawo amakwera m'mwamba n'kusadza nthambi zokha, thunthu n'kulisiya lili chilili ndi timikono take todukaduka. Mitundu iwiri ya zitsa imeneyi, itapangidwa bwino, ingamuuze munthu wodziwa kuti tebulo lanu lili mbali iti ya malire. Ndipo zitsa zambiri za mombo sizikhala zitafa. Pofika September kapena October mudzaona m'mbali mwake mwaphuka timasamba tofiirira. Chitsa chimodzi mwa zingapo chipatseni mphukira zotere, mudzaona tebulo likudzuka.

Mtengo wophedwa ndi moto wolusa umada kumunsi, kawirikawiri mbali imodzi kuposa inzake, ndipo moto ukabwerezabwereza chaka ndi chaka pamatseguka mphako yakuda patsinde. Kumtunda kumakhala kotuwa. Amene amapaka makala thunthu lonse kuyambira pansi mpaka kunsonga sadapondepo pa lupsa. Wosendedwa khungwa mozungulira, kaya ndi wofuna mng'oma wa njuchi kaya luzi, umafa uli chiimire, ndipo umavula pang'onopang'ono: masamba kaye, kenaka tinthambi tating'ono, kenaka makungwa amayamba kufunduka m'zibenthu, nthambi zikuluzikulu n'kumathyoka pomaliza. Woombedwa ndi mphezi umakhala ndi mzere wong'ambika wotsika kuchokera kumwamba. Wolowedwa chiswe umavala dothi lofiira lokwera ndi thunthu. Muwanga ndi wamakani, ukafa umatha zaka uli njo, wosalala, wotuwa, chiswe chitaulephera. Ndipo mukakwera ku Misuku, kumene nkhungu imagona m'mapiri, mudzapeza imfa ina: chipika chonyowa, chomera ndere ndi bowa wouma wa pamtengo, kapena thunthu limene kachere adalikulunga ndi mizu yake mpaka mwini malo kuwolera m'kati. Gogomole nayenso amasiya mabowo ake ozungulira bwino, ndipo sawaboola pansi, amasankha kumtunda.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi pa mtengo umodzi nthawi yokwanira kuti mudziwe kuti udafa liti. Wofa chaka chatha ukadali ndi tinthambi tambirimbiri ndi khungwa lake. Wofa kalekale watsala thunthu ndi mikono itatu kapena inayi. Nkhalango yeniyeni imakhala ndi yonse iwiri, pamodzi ndi wina wogwa kale, mizu ili m'mwamba, dothi likadali mmenemo. Mukapanga mitengo khumi yofanana msinkhu ndi imfa yomwe, mwapanga mpanda.

Tsopano zipangizo. Ambiri amathamangira kuthyola kanthambi n'kukazika. Kanthambi kamaoneka kanthambi basi, chifukwa mphanda zake n'zochepa ndipo kunenepa kwake n'kumodzimodzi kuyambira kuno mpaka uko. Chimene chimafanana ndi mtengo waukulu ndi muzu. Muzu umagawikana kambirimbiri, umapindika popewa miyala, ndipo umanka nuwonda mpaka kunsonga. Uzondotseni, mizu iloze kumwamba, mwapeza mtengo. Mizu yabwino imapezeka m'zigwembe ndi m'magombe a mitsinje monga Lufira ndi Kaseye, pamene madzi adakokolola dothi n'kuisiya pamtunda, ndiponso kumunda pa nthawi yososa, makamaka ya nandolo, ya fodya ndi ya zitsamba zolimba. Nthawi yake ndi chilimwe, kuyambira August mpaka mvula isanagwe. Musazule chamoyo kuti mupange chakufa. Ndipo nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa n'zotetezedwa. Lamulo la Nkhalango la mu 1997 sililola kutulutsamo zinthu popanda chilolezo. Kumeneko pitani ndi pensulo yokha.

Mukatola, tsukani dothi ndi mswachi wakale, yanikani padzuwa masiku angapo, kenaka muitenthetse kuti tizilombo tam'kati tife. Uvuni wa mabanzi moto utaphulidwa kale umagwira ntchito, ngakhalenso mchenga wotentha wa m'chiwaya mutachiphula pamoto. Musaisiye yokha, muzu wouma suchedwa kuyaka. Mukalumpha zimenezi, tsiku lina mudzapeza kaufa patsinde pa mtengo wanu, mkati mutafumbwa kale. Ikazizira iviikeni m'guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi, kuti nsonga zilimbe.

Msinkhu ndi pamene ambiri amagwa, ndipo pano masamu a kusukulu aja akuthandizani. Zidole zofala m'masewerawa ndi za mamilimita 28, zimene ambiri amaziwerengera kuti n'zochepetsedwa ka 56. Ndiye kuti mtengo wa mamita 10 uyenera kukhala masentimita pafupifupi 18. Tiasilikali tapulasitiki tochepetsedwa ka 72 timafuna mtengo womwewo ukhale masentimita 14. Osewera ambiri amaifupikitsa pang'ono kuti mikono isamaigwetse. Chitsa cha visoso chisapitirire chifuwa cha chidole. Ngati zidole mulibe, dulani kamtengo ka machesi kafike masentimita 3, mukaike pambali nthawi zonse pamene mukugwira ntchito. Kameneko ndiye munthu wanu.

Mukafuna mtengo wa maonekedwe amene mwawajambula m'kope, muzu sungakumvereni, koma waya amamva. Dulani tiwaya 20 kapena 30 ta masentimita 20, tigwireni pamodzi, siyani masentimita atatu kumunsi oti akhale mizu, n'kupota thunthu ndi pulayala. Pofika pa mphanda yoyamba gawani pawiri, koma osati mofanana, mbali ina ichuluke. Potani, gawaninso, potani, mpaka kunsonga kutsale kawaya kamodzi. Nthambi zina ziduleni mwadala pafupi ndi thunthu, zikhale zothyoka. Mizu itambasuleni kuti ina ionekere pamtunda isanalowe pansi. Mtengo weniweni umatupa patsinde. Mukaiwala zimenezi wanu udzaoneka wozikidwa, osati womera. Waya wabwino ndi wa kopa wa m'zingwe zakufa za wailesi ndi matchaja, wa m'kati mwa mota yopsa, kapena womangira zitsulo wa ku hadiweya. Ndinene mosapsatira: waya wa pa mizere ya magetsi musauyandikire, kumeneko kuli imfa ndi ndende. Kutentha matayala kuti mupeze waya musachitenso, utsi wake ndi poizoni.

Chigobacho chikulungeni ndi ulusi kapena timizere ta nyuzipepala, kenaka muchimate ndi phala la utuchi wosefa bwino wosakaniza ndi guluu wa matabwa. Utuchi mukapempha kwa kalipentala sangakukanizeni. Guluu akasowa, phala la ufa wa chinangwa limamata ndithu, koma dziwani kuti mwaitana mphemvu ndi makoswe. Matani mopyapyala kawiri, osati mochindikala kamodzi. Phala likayamba kugwira koma lisanaume, lembani mizere ya khungwa ndi singano, kutsatira utali wa thunthu, ndipo malo ena muwasalaze ndi chala chonyowa kuti aoneke pamene khungwa lidafunduka. Inu a ku Misuku, kwanu zinthu zimachedwa kuuma. Ikani pafupi ndi moto, osati pamwamba pake, chifukwa phala louma mofulumira limang'aluka.

Pansi pake pakhale polemera. Kachidutswa ka hadibodi, CD yakale, kapena wochala wamkulu wa kwa okonza njinga zamoto, zonsezi zimatheka. M'mphepete musemepo kuti pasakhale chitunda choonekera. Pakani guluu, wazani mchenga wosefa wa kumtsinje ndi dothi la pachulu, ikani timiyala tiwiri, ndipo udzu wouma upangeni ndi chingwe cha khonje chodula tifupitifupi n'kuchiimika m'guluu. Osewera odziwa amadula chibenthu chimodzi chachikulu chosonyeza malire a nkhalango, mitengo n'kungoiika pamwamba osamata, kuti gulu la asilikali likalowa aziisuntha popanda kukangana za pamene nkhalango yathera.

Pa utoto ndiye pamene maso anu ayesedwe. Mwana aliyense akafunsidwa mtundu wa thunthu amatola khrayoni yofiirira. Pitani mukaone: mtengo wouma n'ngotuwa, malo ena kuyera kumene. Pakani kaye wakuda wosungunuka kwambiri kuti ulowe m'ming'alu yonse. Makala osinja kapena mwaye wa kukhitchini wosakaniza ndi guluu wamadzimadzi umakwanira. Ukauma pakani wotuwa, osafika nawo m'ming'alumo. Pomaliza viikani burashi mu woyera pang'ono, ipukuteni pa kansalu mpaka ioneke kuti yatha utoto, n'kuipititsa mopepuka modutsa mizere ya khungwa. Zotumphuka zokha ndizo zidzagwire, ndipo mtengo udzakalamba inu mukuona. Njira za chiswe zipangeni ndi katondo wosefa, kupsa kwa patsinde ndi makala, ndipo phulusa lenileni liwazeni pansi pa chitsa cha visoso. Penti wa mafuta wonyezimira musamugwiritse ntchito. Mukamaliza tulukani nawo panja masana, muuike pansi, mubwerere m'mbuyo phazi limodzi, chifukwa pamenepo ndi pamene wosewera amauonera.

Tsono mitengoyi idzaima pa nkhondo yanji? Mukhoza kusewera za zilombo za m'mlengalenga, palibe choletsa. Koma dziwani kuti dziko mukupondali lidaionapo nkhondo yeniyeni. Boma lathu la Chitipa kale linkatchedwa Fort Hill, ndipo lidali pa msewu wa Stevenson, umene udayamba kulambulidwa m'zaka za m'ma 1880 kuti ulumikize Karonga ndi nyanja ya Tanganyika. Kutsidya kwa Songwe kudali dziko la Majeremani. Patangotha chaka Wells atatulutsa buku lake, pa 9 September 1914, asilikali a Majeremani adaukira Karonga ndipo adabwezedwa. Mu May 1916 magulu a Angerezi otsogozedwa ndi General Edward Northey adadzuka m'malirewa n'kulowa kumpoto, kukalanda Neu Langenburg, kumene lero ndi Tukuyu. Mu November 1918 mkulu wa asilikali a Majeremani, von Lettow-Vorbeck, atazungulira ku Mozambique, adatulukira ku Fife, pafupi ndi Nakonde, n'kupitirira mpaka ku Kasama, ndipo adakagonja ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 November, nkhondo ku Ulaya itatha kale.

Nkhondo imeneyi, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, sidali yophwasula nkhalango ndi mizinga. Idali yoyenda pansi, ya njala, kamwazi ndi malungo. Amuna a Nyasaland pafupifupi 19,000 adalowa usilikali wa King's African Rifles, koma amene adagwidwa kuti akhale a tengatenga adafika pafupifupi 200,000, aliyense atasenza katundu woposa makilogalamu 20 pamutu, ndipo ambiri sadabwerere. John Chilembwe adalemba kalata yodandaula za magazi a anthu akuda pa nkhondo ya eni mu November 1914, miyezi iwiri asanaukire boma la atsamunda. Tebulo la nkhondo ya kuno lokhala ndi asilikali okhaokha likunama. Pa msilikali aliyense payenera kukhala mzere wa onyamula, ndipo amenewa simudzawagula m'sitolo. Muwapinde ndi waya, muwaveke kansalu, muwasenzetse kabokosi ka machesi kodula. Ikaninso lamulo lanulanu loti gulu silingapite patsogolo ngati ufa sudafike. Mukasewera kawiri katatu mudzaona kuti wopambana si wa mfuti zambiri.

Ndipo mitengo ya pa tebulo limenelo ikhale yogwirizana ndi nkhaniyo. Pozungulira msasa pakhale zitsa zatsopano za nkhwangwa, poti anthu mazanamazana ankafuna nkhuni, mitengo ya linga ndi ya misasa. M'mbali mwa njira pakhale mitengo yosendedwa luzi lomangira akatundu. Kutali ndi msasa ndiko kukhale muwanga wakale ndi wa mphezi uja. Funsani agogo anu a ku Kameme, ku Wenya kapena ku Nthalire zimene adamva kwa makolo awo, ndipo amene angakwanitse ulendo atsike msewu wa tala kukaona nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004. Ambiri amapitirako mafupa a Malawisaurus, koma za mbiri ya chigawo chino ziliko.

Wina afunsa ngati muli ndalama m'zimenezi. Sindikulonjezani. Chimene ndikudziwa n'chakuti aphunzitsi athu amalimbikitsidwa kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo, njira imene amaitcha TALULAR, ndipo tebulo losonyeza phiri lometedwa, chigwembe ndi mtsinje wodzaza mchenga lingaphunzitse kukokoloka kwa nthaka kuposa choko. Yambirani pa sukulu yanu. Amene akulota zogulitsa kunja adziwe kuti maiko ambiri salola mizu, nthambi kapena dothi kulowa popanda zikalata za zaumoyo wa zomera, choncho ya malonda ikhale ya waya ndi penti, ya mizu ikhale yapakhomo.

Posunga, pezani katoni yolimba, muboole pansi pake tizenje kapena mumate timatumba toti tsinde lililonse likhale pakepake, mitengo isagundane. Ipachikeni m'mwamba, kutali ndi chinyezi cha pansi ndi kudontha kwa denga, ndipo nthawi ya dzinja muziitulutsa padzuwa likawala. Azing'ono anu adzaifuna, ndipo mukawakaniza adzaitenga inu mutapita kusukulu. Apatseni tiwaya tawo ndi kamtengo ka machesi ka masentimita 3, muwaonetse kupota mphanda yoyamba, ndipo kuthengo muzipita nawo.